Timawu Tiwiri Tomwe Ndinachotsa pa Mbuzi za a Makwinja

Mpaka lero ndikamadutsa pa Songani anyamata a kabaza amalira ngati mbuzi. Sanditchula dzina, sandiyang'ana n'komwe. Wina amangoti "meee" uku akupukuta tcheni cha njinga, anzake n'kumayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ine ndimangowerama n'kumapita. Kulakwa kunali kwanga, ngakhale ndikanakonda kugawanako ndi mkulu wina wa nsapato zosongoka wochokera ku Blantyre, amene ndimutchule posachedwapa.

Ine si munthu wolankhulalankhula. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi kuno ku Domasi, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi amene pakamwa pawo pangakwanire anthu atatu. Mawu onse a pakhomo pathu ankatha ndi iwo, ine n'kutsala ndi maso. Ndinazolowera kukhala pakona n'kumaonerera anthu akudzivula okha ndi pakamwa pawo, ndipo mumtima ndinkawanyoza kwambiri. Ndinkati munthu wachete sangatukwane mnzake. Ndinali ndisanadziwe kuti wachete akapeza laputopu amatha kutukwana mokweza kuposa woledzera wa pamsika.

Nkhani yake inayamba ndi ukwati. Ndinali nditapeza mbeta, Edina, mtsikana wa cha ku Malosa amene amasoka zovala. Iye anali atalola, koma kwawo ankakoka miyendo. Azakhali ake anali atanena poyera kuti mnyamatayo ndi wofatsa ndithu, koma mwana wamasiye wopanda womuimira, zikadzavuta m'banjamo tidzapita kwa ndani? Abweretse ankhoswe ooneka. Tsono malume anga enieni analowera ku Joni kalekale, ndipo foni yawo imayankhidwa ndi mayi wachizungu wonena kuti nambalayo kulibe.

Agogo anamanga mpango n'kupita kukagwada kwa a Makwinja, msuweni wa malemu agogo aamuna. A Makwinja ndi mkulu wa mpingo, komanso amaweta mbuzi zambiri kuseri kwa mudzi wathu. Ndi munthu amene amavala jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwana akawapatsa moni osagwada bwino amamubweza kuti ayambirenso. Anawasunga agogo pamkeka mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenaka anati, "Chabwino, ndimuimira mwanayo. Koma asandichititse manyazi."

Pobwera agogo anandiloza ndi chala. "Iwe, wamva? Ukawalakwira amenewo ukwatira mtengo wa nthochi. Ndilibenso bondo lina lokagwadira munthu."

Nthawi yomweyo n'kuti ndikupita ku Zomba ku maphunziro a achinyamata, komwe bungwe lina linkatiphunzitsa kupanga masamba a pa intaneti. Aliyense anauzidwa kuti apange tsamba la bizinesi yeniyeni ya kwawo. Ine, mwanzeru zanga zachete, ndinati apa ndiye pokometsera ubale. Ndinapita kukhola la a Makwinja, ndinawajambula ataima ndi jekete lawo pambali pa tonde wawo wamkulu, ndinajambulanso mbuzi zina, ndinaika nambala yawo ya foni, n'kulemba mutu waulemu bwino: Mbuzi za a Makwinja. Ataona nkhope yawo pa laputopu anakonza kolala n'kunena kuti, "Mwana uyu ali ndi mutu." Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndakwatira kale.

Tsopano mkulu wa nsapato zosongoka uja. Anali mphunzitsi wathu, mnyamata wa msinkhu wanga womwewu koma woyenda ndi makiyi a galimoto m'manja ngakhale popita kuchimbudzi. Chichewa ankachilankhula ngati akuchichitira chifundo. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga n'kuloza pamwamba pa tsamba langa, paja pamaoneka adiresi, mawu amene munthu amalemba kapena kudina kuti afike patsambalo. Yanga inali ndi chizindikiro cha funso, zilembo zosamveka ndi manambala ambirimbiri.

"Achimwene," anatero mokweza kuti kalasi yonse imve, "iyi ndi adiresi kapena nambala ya injini ya minibasi?"

Anthu anaseka. (Ndinawaloweza nkhope onse amene anaseka. Ndi khalidwe langa.)

Kenaka anatiphunzitsa, ndipo kunena chilungamo zambiri zinali zanzeru. Anati adiresi yabwino ndi yoti munthu aiwerenge n'kudziwiratu zomwe akapeze, aikumbukire, athenso kuuza mnzake pakamwa. Anati makina aja timasakira zinthu pa intaneti amawerenganso mawu a mu adiresi, ndiye ngati ukugulitsa mbuzi, mawu oti mbuzi akhalemo, makamaka koyambirira. Zilembo zikhale zazing'ono, pakati pa mawu pakhale kamzere. Zonsezi ndinalemba. Kenaka anafika pa chiphunzitso chomwe chinandipha.

"Timawu ting'onoting'ono ndi zinyalala. Makina alibe nato ntchito. Sesani! Adiresi ikhale yaifupi ngati siketi ya ku tauni."

Zitsanzo zake zonse zinali za Chingerezi. Munthu wanzeru akanakweza mkono n'kufunsa ngati timawu ta Chichewa natonso ndi zinyalala. Koma ine sindikweza mkono. Ndimaonerera.

Anatipatsa kapulogalamu kothandiza kukonza maadiresi, kokhala ndi kanyali ngati maloboti a pamsewu: kofiira ngati zaipa, kachikasu ngati zili pakatikati, kobiriwira ngati wakhoza. Nditalemba mutu wanga uja, kapulogalamuko kanameza kokha ka "a" ka ulemu, poganiza kuti ndi kaja ka Chingerezi kopanda ntchito. Panatsala mbuzi-za-makwinja. Ndinaona ndithu kuti ka "a" kapita. Ine ndimaona chilichonse. Koma maso anga anali pa kanyali, ndipo kanyaliko kanali kachikasu. Anzanga kumanja ndi kumanzere anali atabiriwira kale, kuphatikizapo amene anandiseka aja. Ndinayang'ana adiresi yanga kufuna chinyalala china chosesa, ndipo ndinapeza "za".

Ndinachotsa. Kanyali kanabiriwira.

mbuzi-makwinja

Mphunzitsi anaomba m'manja n'kuionetsa pakhoma kuti onse atengerepo chitsanzo. "Mwaona? Mawu awiri basi! Katundu ndi mwini wake. Mnyamata uyu afika patali." Mtsikana wina kumbuyo anatsamwa n'kutuluka panja atagwira pakamwa. Ndinati ndi nsanje.

Mwina mukufunsa kuti munthu wobadwira m'Chichewa, woleredwa ndi mayi amene mawu oti mbuzi amawagwiritsa ntchito pa anthu kuposa pa ziweto, analephera bwanji kuona. Yankho ndi lakuti sindinaiwerenge mokweza. Ndinkaiona ngati chinthu cha pa kompyuta, ngati nambala ya injini ija, osati ngati mawu oti angatuluke pakamwa pa munthu. Chinthu chikakhala ndi kamzere pakati ndi kanyali kobiriwira pambali, mutu umaleka kuchimva m'chinenero cha kwanu.

Ndipo sindinalekere pomwepo. Mphunzitsi anali atanena kuti adiresi yabwino iyenera kuonedwa ndi anthu, choncho ndinapeza thabwa n'kupita nalo kwa wolemba zikwangwani pa Songani. Ndinamuuza kuti chiyambi cha adiresi alembe mwaching'ono, koma mawu awiri omalizawo akulitse, chifukwa ndiwo ofunika. Analemba ndi penti yofiira, zilembo zazikulu ngati za pa sitolo, kamzere kaja n'kukhala kadontho kosaoneka. Ndinakhoma thabwalo pamtengo pafupi ndi pokwerera minibasi, ndi manja angawa, ndi misomali yogula ndekha. Kenaka ndinatumiza linki, adiresi yodina ija, ku magulu a pa foni: la mpingo, la mudzi, la anzanga a ku sekondale.

Apa pali china chomwe mphunzitsi sanatiuze. Ukatumiza linki pa foni, pamatuluka kachithunzi kakang'ono kochokera patsambalo, ndipo foni imadula chithunzicho mmene yafunira. Pa chithunzi changa chija inadula tonde yense. Panatsala nkhope ya a Makwinja, kolala ili chilili, ndevu zawo zosongoka pachibwano, ndipo pansi pake mawu awiri aja.

Anthu a ku Domasi ndimawadziwa. Ukawatumizira uthenga wa katemera wa nkhuku sawerenga. Ukawatumizira za msonkhano wa chitukuko amati bandulo yatha. Koma ichi anachitumiza kwa abale awo ku Lilongwe, ku Mzuzu, mpaka ku Joni (ndikukhulupirira kuti malume anga anachiona, n'kuona kuti anachita bwino kusabwerera). Ine poona chiwerengero cha olowa patsamba chikukwera ndinkangoti maphunziro ndi abwino. Ndinayesa kusaka dzina la a Makwinja pa intaneti, ndipo tsamba langa linatulukira pamwamba penipeni. Ndinasaka mbuzi Domasi, lomwelonso. Zonse zomwe analonjeza wa nsapato zosongoka zinachitika.

Amene ananditsegula m'maso ndi Edina. Anabwera masana ena osagogoda, ulusi uli pamalaya, foni ili m'manja.

"Inu, chimenechi mwalemba ndinu?"

"Eya. Chili pamwamba pa zonse. Tayesa kusaka uone."

"Tawerengani."

"Ndachiwerenga kambirimbiri."

"Mokweza. Ngati mukuuza munthu."

Ndinatsegula pakamwa. "Mbuzi Makwi..."

Sindinamalize. Apa m'pamene ndinamva chomwe ndinalemba. Agogo, amene ankasankha tomato pakhonde, anafunsa kuti kwagwanji. Edina anawafotokozera n'kuwaonetsa kachithunzi kaja. Agogo anakayang'anitsitsa, anakatalikitsa, anakayandikitsa, kenaka anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, tomato akugubuduka pansi. Atapeza mpweya anandigenda ndi tomato wowola.

"Chitsiru iwe! Zoona n'zoona, ndevuzo aliyense amaziona. Koma munthu amanena zimenezo chinkhoswe chisanachitike?"

"Azakhali aona kale," anatero Edina. Iye sankaseka. "Akuti ngati ankhoswe ake amawatcha mbuzi, ife adzatitcha chiyani? Akuti a Makwinja akakana, nkhani yatha."

Ndinapita kukhola. Ndinawapeza a Makwinja atakhala pampando wa ndalema, jekete lili pathupi, foni ili pabondo. Ndinagwada patali ndithu. Anandisiya chigwadire, mbuzi zikundinunkhiza m'makutu.

"Bambo ako anali munthu waulemu," anayamba choncho, ndipo mawu amenewo anandilasa kuposa ndodo. "Dzulo ndikutsika minibasi pa Songani, kondakitala wandifunsa ngati ndimadya makoko a nthochi. Kumpingo azimayi a chigwirizano akumabisa nkhope m'zitenje ndikamadutsa. Ndakulakwira chiyani, mwana iwe?"

"Bambo, ndi makina. Amafuna adiresi yaifupi, ndiye timawu tating'ono..."

"Tating'ono?" Anaimirira. "Za mbuzizo mwina n'kanazimeza. Ndimaweta mbuzi, ndimanunkha mbuzi, mayi akunyumba amandiuza tsiku lililonse. Koma Makwinja? Makwinja wamaliseche, wopanda kanthu kutsogolo? Tinkasewera limodzi pafumbi ine ndi iwe? Abusa amene amati a Makwinja. Achipatala amati a Makwinja. Ka 'a' kanga unakapititsa kuti?"

"Makina anameza, bambo."

"Ndiye upite kwa makinawo akakuimire ku Malosa."

Ndinathamangira pa Songani n'kuzula thabwa lija, anyamata a kabaza akundiimbira nyimbo ya meee. Kunyumba ndinatsegula laputopu n'kulemba adiresi yonse mwaulemu, timawu tonse tili m'malo mwake. Nditasunga, kapulogalamu kaja kanamezanso ka "a". Ndinabwezera, kanamezanso. Chinthu chopangidwa kutali ndi anthu oitana agogo awo ndi dzina chinkalimbana nane pa ulemu wa mkulu wa mpingo wa ku Domasi. Mapeto ake ndinamata ka "a" ku dzina lenilenilo kuti kasakaone: mbuzi-za-amakwinja. Kanyali kanasanduka kachikasu. Ndinakatukwana, mokweza ndithu, mpaka agogo anasuzumira pakhomo kudabwa kuti mawuwo ndi a ndani.

Chomwe sindinaganize n'chakuti ukasintha adiresi, yakale ija imafa. Aliyense wodina linki yomwe inali itafalikira dziko lonse ankangopeza uthenga woti tsambalo kulibe. Ine ndinati zili bwino, chitukwano chafa. Koma ankhoswe ndinalibe. Edina analeka kuyankha mauthenga anga mwachangu, ndipo agogo ankati akandiyang'ana n'kuyang'ananso nthochi za kuseri kwa nyumba, osanena kanthu, chinthu chomwe kwa iwo n'chachilendo.

Patapita masiku, m'mawa wina tinangoona jekete likubwera m'kanjira ka kwathu. Agogo anatulutsa mpando msangamsanga. A Makwinja anakhala, anafunsa za mvula, za tomato, za mwendo wa agogo. Kenaka anatulutsa foni n'kuiika pabondo.

"Foni yangayi yadwala kapena?"

Agogo anafunsa kuti yatani.

"Sabata zapitazi imalira ngati mwana wa njala. Anthu a ku Liwonde, a ku Zomba, ena a ku Machinga. Amayamba ndi kuseka, inde, amafunsa ngati akulankhula ndi mbuziyo kapena mwini wake. Koma akatha kuseka amafunsa mtengo. Idi yayandikira, Asilamu akufuna mbuzi zabwino. Atonde anga onse akuluakulu apita, ena analipiriratu. Tsopano foni yangoti zii. Wina wa ku Naisi wandipeza dzulo, akuti akadina chinthu chija chikumuuza kuti kulibe." Anandiyang'ana. "Unachitanji?"

"Ndinakonza, bambo. Ndinabwezera ulemu wanu."

"Uchibweze mmene chinalili."

"Koma bambo, chija chimati..."

"Ndikudziwa chomwe chimati! Ndimatha kuwerenga. Ulemu ndili nawo wokwanira, ndakhala nawo kuyambira usanabadwe. Koma ulemuwo sunandigulepo mbuzi ndi imodzi yomwe."

Ine ndinali nditayamba kale kudzuka kuti ndikatenge laputopu, koma agogo anandiponda phazi. Mayi amene wakhala moyo wake wonse akutsatsa tomato sangalole wogula achoke atangotenga basera.

"Alamu," anatero mofatsa ngati si iwo, "mwanayu manja ake akumanjenjemera masiku ano. Nkhawa ya ku Malosa. Munthu wopanda ankhoswe angakonze bwanji zinthu zosakhwima ngati zimenezi?"

A Makwinja anatembenukira kwa agogo. Kenaka anakonza kolala. "Mlamu, inu mukanakhala mwamuna bwenzi mudzi uno mutaugulitsa. Auzeni a ku Malosa atchule tsiku."

Ndinakonza moti adiresi yakale ija ikhale yamoyo, koma munthu akaidina izimufikitsa ku yatsopano yaulemu. (Njira imeneyi inalipo kuyambira kale. Nditamuimbira wa nsapato zosongoka kumufunsa, anati zimenezo n'zoyambirira, kodi simunkamvetsera? Za mbuzi sanapepese. Anati chiwerengero cha olowa patsamba langa akuchigwiritsa ntchito pophunzitsa ena.) Thabwa lokha a Makwinja anati lisabwerere pamtengo, poti pa Songani amadutsapo ndi thupi lawo. Za pa foni anati ziziyenda.

Tsiku la chinkhoswe ku Malosa kunadzaza anthu kuposa amene tinawaitana, ndipo ndikudziwa chomwe ena anadzera. Tambala ndi msoti zitasinthanitsidwa, a Makwinja anaimirira kuti alankhule ngati ankhoswe a kuchimuna. Anakhosomola, anakonza jekete, anasisita ndevu zija mwadala, anthu n'kuyamba kale kugwirana.

"Ambiri mwa inu mukundidziwa," anatero. "Amene simundidziwa, tulutsani mafoni anu musake, ndili pamwamba penipeni." Anthu anagwa nacho chiseko. Anadikira mpaka kutakhala bata. "Tsono inu a kuchikazi munkadandaula kuti mnyamatayu alibe mtundu, simudziwa komwe achokera. Lero ndabwera kudzakuuzani kuti ndi wanga. Ndamutenga ngati mwana wanga wobereka ndekha. Ndipo poti dziko lonse lawerenga kuti ine ndine chiyani, musavutike kufunsa kuti mwana wanuyo akukwatiwa ndi chiyani. Mkamwini wanuyu mumumangire chingwe chachifupi, ndipo ndiwo zamasamba muzibisa."

Azakhali a Edina anaseka mpaka mpango kugwa, ndipo ndi iwo amene anayamba kululutira. Edina anandigwira dzanja pansi pa tebulo uku mapewa ake akugwedezeka. Ine ndinakhala chete, monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo amene ankaonereredwa ndinali ine. Mawu oti mwana wanga palibe mwamuna amene anali atawanenapo za ine pagulu chimwalilire bambo anga. Ndinangowalandira mmene anabwerera, ndi nyanga zake zomwe.

Unkhoswe sutha ndi tsiku la chinkhoswe. Tikasemphana ndi Edina, ngakhale pa nkhani ya mchere, mlandu umapita kukhola, ndipo a Makwinja amayamba ndi kundifunsa ngati pa zomwe ndinauza mkazi wanga sindinachotsepo timawu tating'ono. Masiku ano ndikamapangira anthu masamba, adiresi iliyonse ndimaiwerenga mokweza ndisanasunge, kawiri, nditaima pakati pa nyumba. Agogo amauza anthu kuti ukwati wandiphunzitsa kupemphera.

Sabata yatha azakhali a Edina anandiitana. Ayamba kuweta nkhumba, ndipo amva kuti mkamwini wawo ali ndi dzanja lokweza malonda. Akuti akufuna tsamba ngati la a Makwinja, ndendende, ndi chithunzi chawo chomwe.

Ndawauza kuti intaneti yadzaza, tidikire ena atulukemo.